Kiyi wa ku Wendlefold

Kiyi wa tchalitchi chathu ndi wautali ngati chikhatho,
wandiboolera kale matumba a majasi atatu.
Anandisiyira ndi Wilfred Garrod ali gone m'chipatala,
nati, "Marjorie, potsegula uzikankha ndi bondo,
chitsekocho chinafufuma ndi mvula agogo ako asanabadwe."

Ndimatsegula m'mawa uliwonse, kaya kubwera munthu kaya ayi.
M'katimo mumanunkha mwala wonyowa ndi makandulo.
Ndimasesa zitosi za mileme pamipando.
Lamulo likuti milemeyo tisaipirikitse,
ndiye mpingo waukulu umene tatsala nawo ndi womwewo.

Parishi yathu mutha kuizungulira wapansi dzuwa lisanapendeke:
kuchokera pamlatho wa njerwa, kutsata kamtsinje,
kukhota pamwala wa malire wosendemera ngati dzino logwedera,
n'kubwerera m'minda ya balere.
Nyumba makumi anayi ndi ziwiri. Ndinawerenga.
Zisanu ndi zinayi zimayaka nyale Loweruka lokha,
eni ake akathawa phokoso la ku London.

Kuseri kwa manda kuli busa la zitunda zitunda.
Ana amakunkhunizikapo.
Ife timati ndiwo mudzi woyamba, umene mliri unameza wonse;
chitunda chilichonse linali khomo la munthu.
Dzuwa likatsika mithunzi imajambula msewu wawo,
nkhosa n'kumandondozana momwemo ngati zinauzidwa.

Belu lachitatu linang'aluka chaka chimene ana a Thurlow sanabwereko kunkhondo.
Atatu, bere limodzi.
Edwin, Cuthbert, ndi Percy amene ananama zaka zake.
Mayina awo ali pamwala patsinde pa nsanja, ndere zikuwanyambita.
Belulo limalirabe ndi mawu osasa. Sitinalikonze.

Sukulu inasanduka nyumba ya munthu.
Komwera mowa anakhomako matabwa,
chikwangwani chokha n'chomwe chimadandaula kukachita mphepo.
Basi imabwera Lachinayi, ikakumbukira.
Abusa athu ali ndi maparishi asanu ndi awiri
ndi kagalimoto kamodzi kachifuwa;
amafika ali wefuwefu Lamulungu lachitatu la mwezi,
nthawi zina n'kupempherera mudzi wina molakwitsa.
Timangoti ameni. Nawonso ndi anthu.

Kaundula wakale anakamusunga kutauni,
ine ndinatsala ndi chithunzi cha tsamba limodzi.
Inki yofwifwa, dzanja lonjenjemera, Januwale 1741:
"Taika mayi wapaulendo, wopezeka m'chipale chofewa pamlatho.
Dzina silikudziwika. Khanda lake lili moyo."
Basi. Tsamba lotsatira anadya makoswe.

Khandalo linakulira pakhomo pa yani?
Analitcha ndani?
Ndimayang'ana mphuno za a Garrod, makutu a a Thurlow,
chibwano changa pagalasi,
n'kumadzifunsa kuti ndani mwa ife eni dera
anafika kuno atakulungidwa m'nsanza za mlendo.

Dzulo kunagogoda Rasa wa ku Lithuania,
uja amalongedza mbatatesi kufamu kwa a Fenwick,
mwana pachifuwa, Chingelezi chodukaduka.
Akufuna ubatizo.
Sanafunse kuti tchalitchichi n'cha mpingo uti;
akuti belu losasa lija ndi lomwe limamugonekera mwana.

Beseni lamwala lauma zaka zisanu ndi chimodzi.
Ndinapezamo kangaude ndi batani la malaya.
Ndalitsuka mbee.
Madzi ndidzafunditsa kunyumba, ndidzanyamula m'fulasiki,
poti mwala umenewu umazizira ngakhale mu Juni,
ndipo parishi ino inalandirapo kale mwana ndi chisanu.
Kamodzi n'kokwana.

Dzina ndamufunsa kawiri, kenako ndati alembe yekha
kuseri kwa pepala la nyimbo: Ugnė.
Kadontho ka pamwambako ndakaona.
Sindikasiya.